Mabatire Osapsa a Dokotala Ezra

Palabana,
Chongwe.

Wokondedwa mlongo wanga Ezra,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako kumeneko ku Koreya. Kodi uli bwanji? Ndikhulupirira kuti chifuwa chija unkadandaula nacho m'nyengo yozizira chinakusiya, ndipo kuti ukudya bwino ndi kugona bwino. Za tulozi ndangofunsa mwamwambo, chifukwa ndikudziwa kuti iwe tulo sukusowa.

Ife kuno tilipo, Mulungu akutisunga. Alamu ako a Dingani ali bwino, ana akupita kusukulu. Ng'ombe yanga yamawanga ija inabereka kamwana kakakazi, koma dzuwa la Okutobala lawotcha msipu wonse ndipo mkaka wachepa. Malaiti akungobwera ngati mlendo wodutsa. Amama miyendo ikutupabe. Anachoka ku Kanakantapa, ali kuno kwanga pamodzi ndi mlongo wako Dyness, ndipo chimene anachokera uchimva ukawerenga mpaka pansi.

Usadabwe kuti ndakulembera papepala. Foni yanga unaitsekera, ya a Dingani suyankha. Ndiye nditamva kuti mnzako Fabiano, amene mumaphunzira naye kumeneko, anabwera kudzaona makolo ake ku Chelston ndipo akubwerera sabata ino, ndinamuimbira. Ndamupempha kuti akupatse kalatayi m'manja, aime pamaso pako mpaka uimalize. Ndi mwana waulemu, wavomera.

Ukukumbukira tsiku la Khirisimasi pakhomo pa amama? Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, iwe n'kutulutsa kaenvulopu m'thumba la malaya. M'katimo munali kachikopa koyera, kopyapyala. Amama anati kakufanana ndi kaja kamayandama pamwamba pa mkaka wowiritsa, tonse tinaseka.

Unatiuza kuti m'batire la foni kapena la laputopu muli timadzi timene timanyamula lithiyamu kuchoka mbali ina kupita mbali ina, ndipo kuti timadzito timayaka ngati petulo batire likatentha kwambiri kapena likabooka. Unati ntchito yako ndi kufunafuna cholowa m'malo mwa timadzito, chinthu chouma, chosagwira moto msanga. Pulasitiki yekha, unati, amapindika bwino koma lithiyamu amayendamo mwaulesi. Dothi lowotcha, longa la makapu, lithiyamu amathamangamo koma limasweka. Ndiye iwe umapera dothilo kukhala ufa, n'kuusakaniza m'pulasitiki wosungunula, n'kuyala kuti ziume. Kachikopa kaja n'komweko.

Kenako unayatsa machesi n'kuika pansi pake. Kanangofota m'mphepete, kanada pang'ono, koma sikanayake. Ana anawomba m'manja.

Koma unanenanso zina. Unati kachikopako kamagwira ntchito bwino pokhapokha katafunda ngati tiyi. Unati nthawi zina lithiyamu amamera timinga timene timakaboola. Unati batire limene munapangapo ndi laling'ono ngati batani la jekete, ndipo kuti padzapita zaka zambiri lisanafike m'sitolo.

Ndabwereza zonsezi kuti udziwe kuti ndinamva. Amama anamva, a Dingani anamva, ngakhale nkhuku zimene zinkatola nyenyeswa pamenepo zinamva. Munthu mmodzi yekha ndiye anamva zakezake, mwamuna wa Dyness, alamu ako a Abson.

Munthuyu sindifunika kukufotokozera. Ndiye uja anaweta nkhuku zoyera mpaka zinafa ndi ludzu iye ali kutauni kusindikiza makhadi a dzina lake. Ndiye uja anayambitsa tchalitchi m'kalasi ya sukulu, n'kuchitseka ataona kuti wopemphera ndi Dyness yekha. Suti ali nayo imodzi, yabuluu, ndipo amaivala ngakhale popita kudimba la apongozi ake kukapempha tomato.

Tsiku limenelo anakumatirira ngati nkhupakupa. "Ba Dokota" apa, "ba Dokota" apo, pamene udokotalawo sunaulandire n'komwe. Ine ndinkayembekezera kuti umuwongola. Iwe unangotukula chifuwa n'kuyamba kulankhula m'mphuno. Anakupempha chithunzi, unaima naye mutagwira kachikopa kaja awiri ngati mukulandira chikho cha mpira. Anakupempha kachikopako kuti kakhale chikumbutso, unamupatsa.

Ndege yako isanatere n'komwe kumeneko, iye anali atapeza kale kontena pamsika wa Chongwe. Anaipaka penti yobiriwira. Pamwamba anakhomapo chikwangwani chachikulu, nkhope yako ndi yake, ndi mawu ofiira akuti MABATIRE OSAPSA A DOKOTALA EZRA. Anadzipatsanso udindo. Ukamutchula kuti Abson sayankha, mpaka unene kuti ba Dayilekita.

Zimene ankagulitsa ndi mabokosi a mapulanga, obiriwiranso, olumikiza kusola kuti munthu aziyatsira mababu, kuchajira mafoni ndi kuonera wailesi ya kanema. Bokosi lililonse linali lokhomedwa ndi misomali, ndipo ankati amene atsegule aphwanya chinsinsi cha ku Koreya. Kachikopa kako anakaika m'fulemu ngati chithunzi cha ukwati. Tsiku la msika ankakatulutsa, n'kuyatsa machesi pansi pake, n'kumafuula kuti, "Onani, sichipya. Ni mwana wa pano pamene anapanga ichi, wa ku Kanakantapa."

Ukudziwa mmene chaka chino chatisautsira ndi malaiti. Anthu atopa ndi makandulo, atopa ndi mdima. Munthu waludzu safunsa kuti chitsime anakumba ndani. Anagula.

Tsiku lotsegulira, Abson anatuma takisi kukatenga amama. Anawagulira chitenje chatsopano, anawakhazika pampando wapulasitiki pakhomo pa kontena, botolo la zakumwa m'manja. Aliyense wodutsa ankagwada n'kupereka moni kwa amake a Dokotala. Chimwalirireni atate sindinawaonepo amama akusangalala chotero. Iwo ankaona ngati akulemekezedwa. Sanadziwe kuti awasandutsa chikwangwani chachiwiri.

Ine ndinauza Dyness kuti zinthuzi n'zabodza, kuti iwe mwiniwake unanena kuti batire lako silinafike pogulitsa. Anandiyankha kuti ndili ndi nsanje chifukwa mwamuna wanga amanunkha ndowe pamene wake amanunkha perefyumu. Abson nayenso anandiseka pamaso pa anthu. Anati, "Ba mulamu, imwe muziba chabe mabele ya ng'ombe. Vya sayansi tisiyileni ise."

Ndinajambula chikwangwanicho n'kukutumizira, n'kukufunsa ngati ukudziwa. Sunandiyankhe. Ndinadziuza kuti mwina mwana watanganidwa ndi mayeso, adzaona. Ndinkakuikira kumbuyo mumtima mwanga, Ezra.

Tsopano ndikuuze za a Justina. Mwina wawaiwala. Ndi mayi aja achikatolika oyandikana nane, aafupi, amene tinakumana nawo pamsewu akukankha njinga ya zigubu za mkaka, n'kukupatsa mazira kuti ukadye paulendo. Amuna awo, a Stanislaus, anafa ziwalo mbali imodzi chaka chatha. Sayenda, ndipo kulankhula kwawo amamva ndi akazi awo okha. Ana awo ali kutali, ku Kitwe ndi ku Solwezi.

M'mawa uliwonse a Justina amakama ng'ombe, amasambitsa amuna awo, amawadyetsa phala, kenako amapalasa njinga kukapereka mkaka. Nthawi yonseyo bamboyo amatsala yekha pabedi. Chimene mayiyu ankaopa kuposa china chilichonse ndi moto. Kandulo, nyali yaparafini, mbaula, zonse anaziletsa m'nyumba. Koma a Stanislaus ankakonda wailesi, ndiyo inali mnzawo wotsala, ndipo kutentha kwa pansi pa malata kunkawasautsa. A Justina ankafuna chowayatsira wailesi ndi kafani.

Tsiku lotsegulira lija analipo. Sanafunse Abson, chifukwa amamudziwa. Anapita kwa amama, anagwada, n'kufunsa motsitsa mawu ngati n'zoona kuti chinthucho sichipsa, popeza chidzakhala m'chipinda cha munthu wosatha kuthawa. Amama anawagwira dzanja n'kuwauza kuti anaona ndi maso awo machesi akulephera, ndipo kuti mwana wawo Ezra sanama. A Justina anagulitsa mbuzi n'kugula bokosi. Analiika pampando pafupi ndi mutu wa bedi, kuti amuna awo azifikira batani ndi dzanja lamoyo.

Kumayambiriro a mwezi uno, dzuwa lili paliwombo, ndinali kukhola kumwetsa ng'ombe. Ndinamva kuphulika motsatizana ngati chimanga m'chiwaya. Nditadzutsa mutu ndinaona utsi woyera ukutuluka pawindo la nyumba ya a Justina. Fungo lake sindinalimvepo, lotsekemera koma lokwapula pakhosi.

Ndinathamanga, a Dingani pambuyo panga ndi ndowa. A Justina anatiyambirira, anali akuchokera kokapereka mkaka. Anangotaya njinga pamsewu n'kulowa mu utsimo. Bokosi linali likulavula moto ngati chowotcherera zitsulo, matiresi atagwira kale. Mayi wamng'ono thupi uja anakankha mpando woyakawo ndi manja ake, anakumbatira mwamuna wake n'kumukokera panja. Titamulandira pakhomo, khungu la m'manja mwake linatsalira pa malaya a bamboyo.

A Dingani anathira madzi, moto unagona pang'ono n'kudzukanso. Anathiranso, unadzukanso. Anthu anabwera ndi mchenga, koma denga linali litagwa kale. Nyumba imene anamanga ndi mkaka wa moyo wawo wonse inatha tikuona.

A Stanislaus sanapse kwambiri, koma anameza utsi wochuluka. Tinawanyamula pa galimoto ya a Lawson, wapampando wa gulu lathu la alimi a mkaka, kupita nawo kuchipatala ku Lusaka. Njira yonse ankayang'ana manja a akazi awo, misozi ikutsika mbali imodzi.

Patapita masiku, a Lawson anaitanitsa msonkhano pabwalo la nyumba yopsayo. Kunabwera akuluakulu a mpingo wathu, a katekisiti a Akatolika, ndi anthu ambiri amene anagula mabokosi. Amama anaumirira kubwera. Abson anafika mochedwa, suti yabuluu, magalasi akuda, atanyamula chikwama chimene tonse tikudziwa kuti mulibe kanthu.

Sanapepese. Sanayang'ane n'komwe makoma akudawo. Anati vuto la anthu akumudzi n'kusatsatira malangizo. Anati mwina a Justina analumikiza mawaya mopingasa, mwina anaphimba bokosi ndi chitenje, mwinanso pali anthu a nsanje amene anatumiza zinthu zawo kuti agwetse kampani. Ponena zimenezi ankayang'ana ine.

A Dingani anaimirira. Anapempha bokosi kwa mmodzi mwa ogula, analiika pakati pa bwalo, n'kulikanula ndi khasu. Chinsinsi cha ku Koreya chinagwera padothi. Anali timabatire takale ta m'malaputopu otayidwa, tamitundumitundu, tina tadzimbiri, tina totupa, tolumikizidwa ndi waya wa sipika. Chokulungira chake chinali pepala lapulasitiki la shuga. Ngakhale kulitembenuza kuti zilembo zibisike sanavutike nako.

Anthu anayamba kuyandikira. Abson anaona kuti zavuta. Anatulutsa foni, anakweza mawu mpaka mapeto, n'kunena kuti, "Ngati ni boza, mvelani mwine wake."

Ndipo tinamva mawu ako, Ezra, pabwalo lonse. Unali kuseka. Unati, "Ba mulamu, naiona posita. Mwanikongoletsa maningi. Pitilizani chabe, dzina limveke kumunzi."

Ndinali nditaima pafupi ndi amama. Atangomva mawu ako nkhope yawo inawala, anamwetulira monga amachitira ukaimba foni. Kenako mawuwo anawafika. Ndinaona kumwetulirako kukuchoka pang'onopang'ono. Anakhala pansi paphulusa pomwepo, ndi chitenje chawo cha kutchalitchi.

Ndiye kuti chithunzi chija unachiona. Ine wokuchenjeza sunandiyankhe, koma wokukongoletsa unamuyankha ndi chiseko.

Ndikudziwa zimene unganene. Uti unkacheza chabe, sunadziwe zimene zinali m'mabokosi. Koma pachikwangwani panalembedwa kuti osapsa, ndi zilembo zazikulu ngati mutu wako. M'dziko lonse la Zambia, munthu amene ankadziwa bwino kuposa aliyense kuti batire lotero silingapezeke m'kontena ya Abson, ndiwe. Abson ndi wakuba wopanda nzeru, ndipo wakuba wopanda nzeru timamudziwa pomuika. Nanga iwe, amene boma ndi azungu akukulipirira kuti udziwe zinthu zimenezi, tikuike pati?

Abson anapulumuka tsiku limenelo chifukwa cha a katekisiti, amene anaima pakati n'kunena kuti nkhaniyi ipite kupolisi. Anauzidwa kuti akaonekere m'mawa mwake. Usiku womwewo ba Dayilekita anauza Dyness kuti akupita ku Lusaka kukakumana ndi eni ndalama. Sanabwerere. Wina wa minibasi akuti anamuona pa mlatho wa Luangwa, ali pamzere wogula nsomba zouma, jekete labuluu atapachika paphewa. Ngati Mulungu alola, apolisi a ku Petauke amulandira.

Kontena anasiyira Dyness, ndi mimba yake yaikuluyo. M'mawa mwake anthu anazungulira kontenayo. Ndinakamupeza atadzitsekera m'kati, akulira, miyala ikugunda malata. Ndinamutulutsa nditamuphimba ndi chitenje changa. Za perefyumu sanazitchulenso, ndipo ine sindinamukumbutse. Chikwangwani ndinachigwetsa ndekha ndi mtengo. Nkhope yako tsopano ikutchinga mphepo kukhola la kamwana ka ng'ombe, ndipo ndiyo ntchito yoyamba yothandiza imene yagwira kuno.

Amama sakanatha kukhalanso ku Kanakantapa. Palibe amene anawatukwana. Anthu anangosiya kuwapatsa moni. Kuchitsime akafika, nkhani imatha. Kutchalitchi, benchi yawo inayamba kukhala ndi malo ambiri. Ndinapita kukawatenga.

Kenako unaimba foni, kamodzi kokha, kwa amama. Unaiwala kuti makutu awo anafooka ndipo foni amaiika pokweza. Ndinali pomwepo ndikusankha nyemba. Ndinadikira kuti ufunse za a Stanislaus. Ndinadikira kuti ufunse za manja a a Justina, kapena za mlongo wako wapakati uja. Iwe unapempha amama kuti auze anthu asatchule dzina lako. Unati aphunzitsi ako akamva kuti unatulutsa kachikopa m'labotale popanda chilolezo, ndipo kuti dzina lako lili pa malonda otere, akuchotsa pamaphunziro. Unati tiganizire tsogolo lako.

Amama anati, "Ndamva, mwana wanga." Ine nditalanda foni kuti ndilankhule, unadula, ndipo kuchokera tsiku limenelo nambala yanga siidutsa.

Dzina limene unkafuna kuti limveke kumudzi lamveka. Tsopano ukufuna tiliphimbe ndi chiyani?

Koma sindinagule pepala kuti ndingokunyoza, ngakhale kuti ndikanatha kudzaza kope lonse. Mabokosi aja akadali m'nyumba za anthu, Ezra. Ali ku Chongwe, ku Kanakantapa, kuno ku Palabana, ena anapita nawo kumidzi ya kutali imene sindikuidziwa. Ali pansi pa malata m'dzuwa ili, pafupi ndi makatani, pafupi ndi mphasa za ana.

Ine ndi a Dingani takhala tikuyenda khomo ndi khomo ndi ngolo ya ng'ombe. Amene anali pamsonkhano anapereka msanga. Tinawaunjika m'dzenje la njerwa, kutali ndi nyumba, n'kuwasiyanitsa ndi mchenga. Limodzi linayaka lokha masana, palibe analikhudza, anthu akuona. Amenewo anakhulupirira.

Koma ambiri akukana. Abson asanathawe anafalitsa kuti la a Justina linapsa chifukwa cha umbuli wawo, ndipo anthu akonda nkhani imeneyo chifukwa imawalola kusunga kuwala kwawo. Ku Kanakantapa kuli mtsikana wina dzina lake Nelesi, amene amaluka tsitsi ndi kuchajitsa mafoni. Bokosi lake lili pansi pa bedi limene amagonekapo mapasa ake. Ndinamugwadira, ine mayi wamkulu. Anandiyang'ana kuchokera kumapazi n'kunena kuti, "Ba Dokota bakakamba beka, nizachosa. Manje imwe ndimwe bandani? Mugulitsa mkaka."

Wandimva? Sakufuna mawu anga, sakufuna a abusa, sakufuna a apolisi. Anagula nkhope yako, ndipo nkhope yako yokha ndiyo ingatulutse bokosilo pansi pa bedi.

Ndiye pempho langa ndi ili. Tenga foni yako yodula ija, udzijambule kanema nkhope ikuoneka bwino. Ulankhule Chinyanja chimene unalankhula pansi pa mango, osati Chingerezi cha m'mphuno. Unene kuti mabokosi obiriwira si ako, kuti m'kati mwake muli timabatire takale tokhala ndi timadzi toyaka tija, kuti batire lako lenileni silinatuluke m'labotale. Uwauze awachotse kusola ndi kuwatulutsa panja lero lomwe, ndipo uwauze mowasungira, chifukwa ife tikungoganizira ndi mchenga wathuwu ndipo sitikudziwa ngati tikuchita bwino. Unenenso kuti chikwangwani unachiona ndipo unaseka. Chimenecho usachilumphe. Anthu anamva kale, ndipo ukachibisa sakhulupirira zinazo.

Utumize pafoni ya a Dingani. Abusa athu avomera kuionetsa pambuyo pa mapemphero, a katekisiti nawonso, ndipo a Lawson aitumiza kwa alimi onse ndi kwa madalaivala a maminibasi.

Za aphunzitsi akowo, pita ukawauze wekha asanamve kwa wina. Mwina akukhululukira, mwina ayi. Akakuchotsa, bwera, khasu la atate likadalipo. Koma likadutsa Lamulungu loyamba la mwezi wa mawa kanemayo isanafike, ndiwalembera ndine. Dzina lawo Fabiano akulidziwa, ndipo Chingerezi changa cha ku sekondale chikwana kufotokoza moto. Usaganize kuti ndikukuopseza. Ndinakubereka kumbuyo uli khanda, ndinasiya sukulu ya unamwino kuti iwe upitirize, ndipo ndine ndinakuperekeza kubwalo la ndege ndikulira. Dzanja lomwelo lilemba, ndipo silinjenjemera.

Chimene ndasungira kumapeto ndi ichi. A Stanislaus anamwalira Lachisanu lapitali. Madokotala enieni anati mapapo anapsa ndi utsi. Tinawaika Lolemba kumanda a kumishoni.

Amama ankaopa kupita kumaliro, koma anati kukhala kunyumba kungakhale koipa kuposa. Anakakhala kumapeto kwenikweni, kumbuyo kwa amayi onse, atafunda kumutu. Itafika nthawi yoponya dothi, a Justina anaimirira, manja onse awiri ali m'mabandeji mpaka m'zigongono. Sakanatha kutapa. Mwana wawo wamkazi anafuna kuwathandiza, iwo anapukusa mutu. Anayang'anayang'ana m'gulu mpaka anawapeza amama, n'kuwaitana ndi dzina.

Amama anayenda pakati pa anthu onsewo ndi miyendo yawo yotupa. Palibe anatsokomola. A Justina anawauza kuti, "Niponyeleni dothi, amake Ezra. Tonse tinanamizidwa pamodzi." Amama anawerama, anatapa, anaponya. Pobwerera tinachita kuwagwira awiri.

Kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse amama amapita kumene a Justina akusungidwa, kwa a katekisiti. Amawasambitsa, amawaveka, amawadyetsa ndi supuni. Ine ndimakama ng'ombe zawo ndikamaliza zanga. Ntchito imene inayenera kukhala ya wina tikuigwira ndife, monga mwa nthawi zonse.

Ndilekere pano, pepala latha. Ambuye akusunge kudziko la eni, akutchinjirize kumatenda ndi kungozi, ndipo akupatse mtima wolingana ndi mutu umene anakupatsa. Upereke moni kwa anzako a ku Zambia amene muli nawo kumeneko, ndipo Fabiano usamukwiyire, iye ndi mthenga chabe. A Dingani akuti moni. Ana akuti moni kwa amalume. Dyness sananene kanthu. Amama akuti uzivala zofunda, kwayamba kuzizira kumeneko.

Dzulo ndikumanga zigubu panjinga ya a Justina, anandifunsa ngati n'zoona kuti ndikukulembera. Ndinavomera. Anayang'ana mabandeji awo, kenako anati ndikupatse moni, ndipo ndikuuze kuti uphunzire bwino, kuti chinthu chosapsacho chidzafikedi tsiku lina, anthu ena asadzaone zimene anaona iwo. Ndinawayang'ana kumaso kuti ndione ngati akunyoza. Sanali kunyoza. Ine ndikanakonda akanakutukwana, ukanapepukidwa. Ndakupatsa moniwo monga anandipatsira.

Ndine mlongo wako,
Ednah.